Kodi pa nkhondo yomenyera ufulu nawonso ankasankha "wakwathu"?

Mayi wina wa ku Chilomoni, mphunzitsi wa mbiri yakale, wanditumizira imelo. Akufunsa ngati khalidwe lopereka maudindo a usilikali poyang'ana nkhope ndi kumene munthu akuchokera ndi lathu lokha kuno ku Africa. Mayi, funso lanuli ndalisinkhasinkha ndili m'minibasi yochokera ku Limbe. Ayi ndithu, si lathu lokha, ndipo kumene linachitika linaphetsa anthu.

Pa nkhondo ya Amereka yolimbana ndi Britain, kuyambira 1775 mpaka 1783, akuluakulu a asilikali ankasankhidwa ndi andale a mu Congress, nyumba ya malamulo ya Amereka. George Washington anapatsidwa utsogoleri mu June 1775, ndipo china chinamuthandiza n'chakuti anali wa ku Virginia, kumwera. Nkhondo inayambira ku Massachusetts, kumpoto, ndiye ankafuna kuti akumwera aione ngati yawonso. Apo andale anachita mwayi, anapeza munthu woyeneradi.

Nkhani imene imandiwawa ndi ya Benedict Arnold, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Amereka. Munthuyu anawomberedwa mwendo ku Quebec kumapeto kwa 1775. Mu February 1777 Congress inakweza anzake asanu omwe anali pansi pake kukhala major general, udindo waukulu wa usilikali, iye n'kumudumpha, ati kwawo ku Connecticut kunali kale anthu awiri a udindowo. Tangoganizani, mayi, mwakhetsa magazi kenako akukuuzani kuti boma lanu ladya kale. Chaka chomwecho mu July, Lafayette, mnyamata wa zaka 19 wa banja lolemera la ku France, anaupeza udindowo asanamenyeko nkhondo. Congress inadzamukweza Arnold, koma mtima unali utaola kale. Mu 1780 anafuna kugulitsa linga la West Point kwa adani. Sindikumuikira kumbuyo, ngongole ndi dyera zinalinso pomwepo.

Nanga Horatio Gates? Anali ndi abwenzi ambiri mu Congress, ndipo mu 1780 anamutuma kukatsogolera asilikali kumwera, chonsecho Washington ankafuna wina. Pa 16 August anagonjetsedwa koopsa ku Camden. Iye anakwera hatchi n'kuthawira ku Hillsborough, mtunda wofanana pafupifupi ndi wochoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, anyamata ake atangoti mbwee kumbuyo.

Zitatero m'pamene Congress inauza Washington kuti asankhe yekha. Anasankha Nathanael Greene, munthu wotsimphina yemwe anakulira kufakitale ya zitsulo ya bambo ake, ndipo ndi amene analanda madera ambiri a kumwera m'manja mwa Britain.