Alamu, za magetsi a m'galimoto zija

Alamu, mwaswera bwanji? Ndaliona funso lanu pa gulupu pano, loti mukufuna kuchotsa kuwala kobiriwira kwa pa dashibodi muike ma LED a buluu, komanso kusintha nyali ya kudenga ndi kuika zingwe za ma LED kumapazi. Kulemba kundichedwetsa, ndiye ndingoyankhula.

Ya kudengayo mungathe nokha. Tsegulani kapulasitiki kaja ndi sikuludiraiva yopyapyala, muone babu lake. Likakhala lalitali la zitsulo mbali zonse ziwiri, muliyeze, chifukwa alipo a mamilimita 31, 36, 39 ndi 41. Likakhala longosomeka, kawirikawiri ndi lija amati T10. Pokagula mutenge lakalelo. Mukaika latsopano n'kukana kuyaka, musafulumire kunena kuti ndi lakufa ayi. LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndiye lizuleni, mulitembenuze, musomekenso. Babu la T10 lakale limadya mawati 5, LED pafupifupi 1, moti mukaiwala chitseko chotsegula batire silitha msanga.

Tsono pa dashibodi ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino. Galimoto zakale zimakhala ndi timababu ta T5 kuseri kwa mamita, m'timasoketi topotokola, ndipo kusintha kwake sikuvuta. Zambiri zatsopanozi zili kale ndi ma LED owotcherera pa bolodi, tinthu tating'ono ngati mutu wa machesi. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wa dzanja lozolowera kuwotcherera, ndipo nthawi zambiri amayenera kuzula timivi ta pa mamita tija. Kamuvi ka liwiro kakabwerera mokhota pang'ono, kazikunamizani. Ka mafuta nako kazionetsa kuti alimo pomwe thanki yauma.

Komanso kubiriwirako sikuti nthawi zonse kumachokera ku babu. Pena ndi kachipewa ka labala kovekedwa pa babulo, kameneko kamangovuka. Pena ndi utoto wopakidwa kuseri kwa manambala. Ukakhala utoto, buluu wanuyo adzatuluka wozimiririka, osakongola n'komwe. Choncho gulani limodzi kaye, muliyese usiku, musanataye ndalama pa onse.

Koma alamu, chonde, timagetsi tochenjeza musatikhudze. Ta oyilo, mabuleki ndi batire ndi tofiira, ta injini ndi ABS (chothandiza kuti matayala asatsetsereke pogwira mabuleki) ndi tachikasu, ma indiketa obiriwira, ka nyali zazikulu ka buluu. Mitunduyo anaisankha dala kuti diso lizindikire msanga: chofiira imani, chachikasu kaonetseni. Zonse zikakhala buluu, oyilo akadzatsika mudzazindikira injini itagunda kale.

Makamaka ka batire. Pa galimoto zambiri zakale, babu limenelo si longochenjeza. Magetsi ochepa odutsa m'babumo ndi amene amadzutsa alternator, chipangizo chotchaja batire chija, kuti iyambe kutchaja mukangoliza injini. LED imadutsitsa magetsi ochepetsetsa, ndiye alternator itha kungogona osatchaja, kapena kudzuka pokhapokha mwaponda moto kwambiri. Inu muzingoyenda osadziwa kanthu, batire likutha, mpaka galimoto kukuzimirani pa msewu usiku muli ndi ana. Makaniko azidzafufuza vuto kwina, pomwe layambira pa kababu kamodzi. Limenelo lisiyeni momwe lilili.

Za buluuyo, ine maganizo anga ndi oti muganizirenso. Poimika galimoto amakongola, sindikana. Koma mumdima diso limavutika kuona bwino tizilembo ta buluu, manambala amaoneka ngati afufutika m'mbali, ndipo kuwalako kumabwerera pa galasi lakutsogolo. Wofiira ndi wa olenji sasokoneza maso usiku, n'chifukwa chake BMW kwa zaka zambiri inkaika wa olenji. Ndikanakhala ine ndikanasankha oyera. Pa paketi amalemba nambala yothera ndi K: 6000K ndi woyera wopendekera ku buluu, 4000K ndi wofewa. Mufunsenso ngati mababuwo amalola kuchepetsa kuwala, chifukwa ena samvera kabatani kochepetsera kaja, amangophethira kapena kuwala mothobwa m'maso basi.

Musanamasule dashibodi, chotsani waya wa negetivu pa batire, koma muyambe mwaona ngati wailesi yanu siifuna nambala yachinsinsi ikazima. Mapulagi achikasu ndi a airbag, thumba lofufuma pa ngozi lija, musawagwire. Musatembenuzenso kiyi mamita ali ozula, chifukwa pa galimoto zina kagetsi ka airbag kamayaka n'kukana kuzima mpaka atalumikiza kompyuta.

Eya, ndi zingwe za ma LED zoika kumapazi zija: zidutse pa fyuzi, mawaya amangidwe kutali ndi mapedulo, ndipo kuwala kusaonekere kunja. M'maiko ambiri magetsi ophethira a buluu ndi ofiira ndi a galimoto za apolisi, ambulansi ndi ozimitsa moto.

Ndiye chitani chonchi. Yambani ndi ya kudenga, imeneyo ngakhale mawa. Kenaka munditumizire chaka cha galimotoyo ndi chithunzi cha mamita atayaka usiku, tione ngati ndi ya mababu osomeka kapena owotcherera. Apatseni moni achemwali ndi ana.