Massey 135 yakhala zaka 9 osalira: musaikoke, yambani ndi sipanala

Bambo, mwati malemu atate anu anasiya Massey Ferguson 135 kumunda ku Chadiza, yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka 9 osalira, ndipo mukufunsa ngati muikoke ndi thirakitala ina kuti ilire kapena mungoipereka kwa ogula zitsulo zakale. Zonse ziwiri zilekeni kaye. Mathirakitala ambiri amtundu umenewu safa ndi kukhala, amafa tsiku limene eni ake afuna kuwadzutsa mwaphuma.

135 anayamba kuipanga mu 1964, ndipo zambiri zimene zinafika kuno zinachokera ku Coventry, ku England. Ya dizilo ili ndi injini ya Perkins AD3.152, ya masilinda atatu, malita 2.5, mphamvu yake mahosipawa 45 kapena kupitirira pang'ono. Injini yomweyi ndi imene ili mu MF 240 yopangidwa ku Pakistan, ndiye ma pisitoni, maring'i, malayina, magasiketi ndi mafyuluta akupangidwabe mpaka lero. Chimene simungachipeze ku Chipata, ku Lusaka mukachipeza. Pukutani kachitsulo ka nambala kamene kali pafupi ndi chiwongolero, ndi nambala ya pa injini, muzilembe papepala musanapite kukagula kanthu kalikonse.

Tsiku loyamba batire isayandikire n'komwe. Lambulani udzu pozungulira, gogodani boneti ndi ndodo musanalowetse dzanja (njoka zimakonda malo otere), kenako yang'anani paipi ya utsi. Ngati ili yoimirira ndipo inalibe chovindikira, dziwani kuti mvula ya zaka 9 yakhala ikulowera pamenepo. Solani kandodo koyezera oyilo. Oyilo wakuda bii si vuto. Wotuwa ngati thobwa, kapena wokwera kupitirira mzere wapamwamba, ndiye kuti muli madzi kapena dizilo. Masulani pang'onopang'ono bawuti ya pansi pa sampu, osaichotseratu: madzi amakhala pansi pa oyilo, ndiye ngati alimo ayamba ndiwo kudontha.

Tsopano funso lalikulu: kodi injini ikuzungulira? Ikani magiya onse pa fulii, masulani mapaipi a dizilo opita ku ma injekita, muzule ma injekita atatu onse, ndipo musataye timawashala takopa ta pansi pake ngakhale mudzaika tatsopano. M'bowo lililonse thirani masipuni atatu kapena anayi a dizilo wosakaniza ndi oyilo wopepuka, mutseke ndi kansalu koyera. Isiyeni masiku atatu. Mukatero gwirani pa pule ya kutsogolo kwa injini ndi sipanala, muyese kuipititsa uku ndi uku. Ikangosuntha ngakhale pang'ono pokha, mwapambana, pitirizani tsiku ndi tsiku mpaka izungulire yonse. Ikakana, onjezerani mafuta aja mudikire sabata, ngakhale masabata awiri. Musalumikize chipaipi chachitali ku sipanala n'kuyamba kulendewera.

Chimene ndikuletserani kukoka ndi ichi. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Ngati mu silinda muli madzi, kapena maring'i agwirana ndi dzimbiri, mphamvu ya thirakitala yokoka ija imathera pa koni rodi (chitsulo chimene chimagwira pisitoni), imapinda, maring'i amathyoka n'kukala layina. Ntchito imene ikanafuna dizilo wa m'botolo limodzi imasanduka yophwasula injini yonse. Vundukulaninso chivindikiro cha pamwamba pa hedi, muone ngati mavavu onse 6 akutsika ndi kubwerera pamene mnzanu akuzungulitsa. Vavu yomatirira igogodeni mofatsa ndi mtengo mutaithira mafuta, chifukwa mukaikakamiza imapinda pushi rodi. Mpata wa mavavu ndi 0.30 mm injini ili yozizira, onse chimodzimodzi.

Ikazungulira, khuthulani oyilo wakale, ikani fyuluta yatsopano ndi oyilo wa injini za dizilo wa 15W-40, malita pafupifupi 6, koma khulupirirani kandodo koyezera. Chosefera mpweya chikakhala cha kabakuli ka oyilo pansi, tsukani, muthire oyilo mpaka pamzere wake basi. Muonenso m'paipi yolowera mpweya, makoswe amasungiramo chimanga ndi nsanza.

Pa dizilo m'pamene muyenera kudekha kwambiri, chifukwa pampu yaikulu ya dizilo ya mtundu wa CAV imene ili pa injiniyi siigwirizana ndi madzi kapena dothi, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zodula pa thirakitala yonse. Thanki itsitseni, muitsuke ndi dizilo watsopano mpaka atuluke woyera. Kampopi ka pansi pa thanki kali ndi kasefa m'kati, kamatsekeka ndi dzimbiri. Tsukani kagalasi kogwira madzi, sinthani mafyuluta a dizilo pamodzi ndi timipira take. Kampira kakale kakatsalira m'mwamba inu n'kuika katsopano pamwamba pake, mudzavutika ndi mpweya mpaka kalekale.

Kuchotsa mpweya kumatsata njira ya dizilo. Masulani bawuti ya pamwamba pa fyuluta, mupope ndi kamkono ka pa lifiti pampu (kapampu kakang'ono kokoka dizilo ku thanki) mpaka thovu litatha, mumange. Kamkonoko kakamaoneka ngati kakungoyenda chabe, zungulitsani injini kamodzi, kayamba kugwira. Pa pampu yaikulu pali tibawuti tiwiri ta sipanala ya 5/16. Yambani ndi ka m'munsi, kenako ka pamwamba, ndipo pomanga musalimbitse kwambiri, timathyoka msanga. Ma injekita musanawabwezere, zungulitsani injini ndi sitata kuti mafuta munathira aja atuluke, ndipo ndi bwino kupita nawo kwa amene ali ndi makina oyezera. Musayese kuona mmene injekita ikupoperera poika chala, dizilo wake amaboola khungu. Pomaliza siyani manati a mapaipi pa ma injekita ali omasuka, zungulitsani mpaka dizilo ayambe kulavula, mumange. Ngati pampu yadzaza koma kumapaipi sikukutuluka kanthu, zam'kati zamatirira, itengereni kwa odziwa mapampu. Si ya kuphwasulira pansi pa mtengo.

Musanailize, chotsani paipi ya mpira yolowetsa mpweya, mnzanu aime pafupi ndi kathabwa kosalala. Pampu yokhalitsa nthawi zina imakanirira pa dizilo wambiri, injini imathamanga osamvera chozimitsira, ndipo njira yoizimitsira ndi kuitseka mpweya ndi thabwalo. Dzanja ayi. Onani kuti ndi waya uti wa batire umene unamangidwa ku thupi la thirakitala musanalumikize, palani malo olumikizira awale. Kagiya kakafupi ka hayi ndi lo kakhale pa chilembo S, apo ayi sitata siyankha. Inu mukhale pampando. Chizolowezi cholumikiza sitata ndi sikuludiraiva munthu ataima kutsogolo kwa tayala lalikulu n'choopsa kwambiri. Sitata isapitirire masekondi 15, ipumitseni mphindi imodzi. Mankhwala opopera m'mpweya kuti ilire msanga ine sindiwavomereza pa injini yokalamba, amathyola maring'i.

Ikalira, maso pa geji ya oyilo. Masekondi angapo osakwera, zimitsani. Utsi woyera ndi wabuluu mphindi zoyamba usakuopseni. Vundukulani redieta injini isanatenthe: thovu lotuluka mosalekeza likuloza gasiketi ya hedi. Utsi wambiri pa kapaipi kopumira m'mbali mwa injini ndi maring'i otha, koma mupatseni maola angapo akugwira ntchito, maring'i ena amamasuka okha.

Kumbuyo, giyabokosi, difu ndi haidiroliki zimagwiritsa oyilo mmodzi, malita pafupifupi 30, ndipo mabawuti okhuthulira ndi awiri. Madzi amalowera pa timipira tong'ambika ta pansi pa ndodo za magiya. Timipira timeneti n'totchipa, sinthani tsiku lomwelo. Thirani oyilo wa mathirakitala wolembedwa kuti ndi wa giya ndi haidiroliki pamodzi. Kolekani pulawo, mukweze, muzimitse injini. Ikatsika m'mphindi zochepa, maring'i a silinda yokwezera atha. Ikamakwera monjenjemera, mavavu a pampu ndiwo atopa. Ikakana kukwera, onani kaye mmene zigwiriro ziwiri za haidiroliki za kumanja kwa mpando zakhalira, musanaweruze pampu. Pansi pa nyumba ya kilachi pali kabowo kokhala ndi kapini kolendewera. Kagwedezeni katseguke. Oyilo wakuda akatuluka ndi wa injini, woyererapo ndi wa giyabokosi, ndipo akachuluka thirakitala iyenera kugawidwa pakati.

Kilachi kawirikawiri mupeza yamatirira ku fulaiwilo. Poyamba pondani pedulo mpaka pansi, muimange choncho masiku angapo. Mabuleki yesani mbali iliyonse payokha, ndipo mbali yosagwira nthawi zambiri yanyowa ndi oyilo wodutsa pa silo ya ekiselo. Matayala akutsogolo ndi 6.00-16, akumbuyo ambiri ndi 12.4-28. Yang'anitsitsani marimu pozungulira vavu, makamaka ngati munkathiridwa madzi kuti alemere.

Ikayamba ntchito, musaipatse pulawo ya mbale zitatu pa katondo wouma wa mu Okutobala. Yambani ndi ngolo kapena hara yopepuka kwa masiku angapo, kenako mbale ziwiri mvula ikagwa. Ndipo chonde, chitsa kapena galimoto yotitimira musaikoke mutamanga tcheni pa topu linki (cholumikizira pulawo cha pamwamba) kapena pa ekiselo. Thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada munthu asanaponde kilachi. Kokerani pa dirowaba, chitsulo chokokera cha pansi.

Zoganiza zoigulitsa zibwere mukapeza buloko yosweka kapena nyumba ya difu yong'aluka, ndipo ngakhale pamenepo gulitsani chiwalo chimodzichimodzi kwa eni ma 135 ena a ku Katete, Lundazi ndi Petauke, osati pa sikelo. Loweruka lino pitani ndi sipanala, dizilo malita 5 ndi beseni. Mujambule oyilo wa pa kandodo, choyamba kudontha pansi pa sampu, ndi nsonga za ma injekita atatu aja, mutumize muno tione poyambira.