Chifukwa chake akusiyirani bini yobiriwirayo

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji galimoto ya khonsolo ku Leeds yadutsa osakhuthula bini yanu yobiriwira, n'kungomatapo kapepala. Mtima m'malo, sikuti akukusalani. Nthawi zambiri ndiye kuti atavundukula anapezamo chinthu chosayenera.

Kuno ku UK khonsolo iliyonse ili ndi dongosolo lake. Ku Leeds bini yobiriwira ndi ya mapepala, makatoni, zitini ndi mabotolo, ndipo kuyambira mu 2024 amalolanso agalasi. Yakuda ndi ya zinyalala wamba. Koma ku Manchester yobiriwira ndi ya zakudya zotsala ndi udzu, mapepala amapita mu yabuluu. Ndiye osangotengera zimene wakuuzani m'bale wa mzinda wina. Lembani postcode yanu pa webusaiti ya khonsolo, muona tsiku lotolera ndi zoyenera kuikamo.

Chimene chimandiwawa ine ndi matewera. Anthu ambiri amaganiza kuti zonse zimasankhidwa ndi makina, pomwe kumalo osankhulirako kumaima anthu m'mbali mwa lamba woyenda, kuchotsa ndi manja chilichonse cholakwika. Tangoganizani thewera la mwana latha sabata m'bini likudutsa pamaso panu. Likaphulika, mapepala onse oyandikana nalo aonongeka basi. N'chimodzimodzi chitini cha nyemba chosatsukuluza, kapena katoni ya pizza yonyowa ndi mafuta. Zitini ndi mabotolo tsukuluzani ndi madzi otsala potsuka mbale, sizilira sopo ayi. Makatoni aphwanyeni aphwatalale kuti chivundikiro chitsekeke, ndipo zinthuzo muziponya chonchobe, osazimanga m'jumbo yakuda, chifukwa sangaone zam'kati.

Mabatire ndi ma vape (ndudu zamagetsi zija) okhawo chonde, asalowe m'bini iliyonse. Galimoto ikamapanikiza zinyalala amayaka moto, anthu ali pantchito pompo. Masitolo akuluakulu amakhala ndi kabokosi kolandirira mabatire pafupi ndi khomo.

Tsono panopa chitani izi: werengani kapepalako, chotsani cholakwikacho, biniyo mudzaitulutse usiku woti mawa lake akutolera. Musaunjike zotsala pambali pa mseu, pamenepo mpamene pamabwera chindapusa. Ngati pakhomo muli ambiri ndipo bini ikumadzaza msanga, funsani kukhonsolo za ina yowonjezera. Chinthu chikakukayikitsani, bola chipite mu yakuda.