Mafunso a Owerenga: Manambala a Sayansi Amene Boma la America Limagawa Kwaulere

Funso: Ine ndine mphunzitsi wa fizikisi pa sekondale ina m'boma la Dedza. Tsiku lina ndikukonza phunziro, mnzanga anandilozera tsamba la pa intaneti la bungwe la boma la America lotchedwa NIST, komwe ndinapeza manambala ambirimbiri a sayansi osalipira ngakhale tambala. Kodi kafukufuku wodya ndalama zochuluka chonchi amamugawiranji kwaulere? Nanga nambala ya patsambalo ikasiyana ndi ya m'buku la ophunzira, ndikhulupirire iti?

Yankho: Aphunzitsi, bungwe limene mwalipezalo dzina lake lonse ndi National Institute of Standards and Technology, ndipo lili pansi pa unduna wa zamalonda wa dzikolo. Linakhazikitsidwa mu 1901 likutchedwa National Bureau of Standards, dzina latsopanoli linabwera mu 1988, ndipo malo ake akuluakulu ochitira kafukufuku ali ku Gaithersburg m'chigawo cha Maryland ndi ku Boulder m'chigawo cha Colorado. Ntchito yake ndi kuyeza, kusunga miyezo ndi kufalitsa zimene lapeza. Zimene limafalitsazo akatswiri amazitcha deta, koma owerenga ena asasokoneze ndi bandulo ya pafoni: pano tikunena manambala ndi zolembedwa zochokera m'kafukufuku, zosanjidwa bwino kuti munthu kapena kompyuta ithe kuzigwiritsa ntchito.

Chifukwa choyamba cha ulerewo ndi lamulo. Ku America, chimene wogwira ntchito m'boma lalikulu walemba monga gawo la ntchito yake sichikhala ndi umwini woletsa ena kuchikopera, poti anthu analipira kale kudzera m'misonkho. Mu 2013 ofesi ya pulezidenti inalamulanso kuti nthambi zonse zogwiritsa ntchito madola oposa 100 miliyoni pachaka pa kafukufuku zikonze njira zoti anthu aziona zotsatira zake, ndipo mu Januwale 2019 panasainidwa lamulo loti deta ya boma izikhala yotseguka pokhapokha pali chifukwa chomveka choibisira. Koma chifukwa chachiwiri nchimene ife tikuchiona kuti ncholemera kwambiri. Muyezo umagwira ntchito pokhapokha aliyense akuudziwa. Wosula bawuti ku Japan ndi womangira bawutiyo pa galimoto ku Germany sangagwirizane ngati wina wabisa kutalika kwa milimita yake, motero dziko lofuna kuti katundu wake agulidwe kunja limapindula likamagawa manambala ake kuposa likamawatsekera m'kabati.

Musaganize kuti zonse nzaulere. Lamulo lina la mu 1968 limalola bungweli kugulitsa nkhokwe zina zimene linazipeta mosamala, ndipo imodzi yotchuka mwa izo, imene malabotale amagwiritsa ntchito pozindikira mankhwala ndi poizoni, imagulidwa ndi ndalama. Koma manambala a maziko a fizikisi, nkhokwe ya mitundu ya kuwala kumene maatomu amatulutsa, ndi nkhokwe ya za kemisitiri yotchedwa Chemistry WebBook imene yakhala pa intaneti kuyambira mu 1996, zonsezi mungazione osalipira.

Tsopano pa funso lanu lachiwiri. Nthawi zambiri buku ndi tsambalo sizikutsutsana, koma bukulo lafupikitsa. Tengani nambala yosonyeza mphamvu imene zinthu zimakokerana: mabuku ambiri amalemba 6.67 × 10⁻¹¹, pamene patsambalo mupeza 6.67430 × 10⁻¹¹, ndipo pambali pake alembapo kuti nambalayo ikhoza kuphonya ndi 0.00015 × 10⁻¹¹. Kachidutswa kotsirizaka nkamene tikufuna mukaonetse ophunzira anu, chifukwa ndi pamene asayansi amavomereza poyera malire a zimene akudziwa. Manambalawa si a America yokha ayi. Amaunikidwa ndi komiti ya akatswiri a maiko osiyanasiyana yotchedwa CODATA, kawirikawiri zaka zinayi zilizonse, ndipo NIST ndi imene imawasunga ndi kuwafalitsa.

Mupezanso manambala ena amene alibe kuphonya kulikonse, ndipo chifukwa chake nchosangalatsa. Liwiro la kuwala ndi mamita 299,792,458 pa sekondi ndendende, poti kuyambira mu 1983 mita yeniyeniyo imatanthauzidwa kuchokera pa nambala imeneyi. Kilogalamu nayo inatsatira njira yomweyo mochedwa. Kuyambira mu 1889, kilogalamu inali kachitsulo ka platinum ndi iridium kosungidwa ku Sèvres pafupi ndi Paris, koma poyerekeza kachitsuloko ndi anzake opangidwa mofanana, anapeza kuti m'zaka pafupifupi 100 anali atasiyana ndi mamaikulogalamu pafupifupi 50 (maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Maiko anagwirizana mu Novembala 2018 kusiya kachitsuloko, ndipo kuyambira pa 20 Meyi 2019 kilogalamu imatanthauzidwa ndi nambala ina yosasintha ya m'chilengedwe yotchedwa nambala ya Planck, 6.62607015 × 10⁻³⁴. Ngati buku lanu linasindikizidwa chaka cha 2019 chisanafike, apa ndiye latsalira. Pa mayeso a MSCE, ophunzira agwiritse ntchito nambala imene apatsidwa papepala la mafunso. Tsambalo likhale lanu lowasonyezera kumene nambalayo inachokera.

Funso: Ndikuphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo tapatsidwa nkhokwe ya zithunzi yotchedwa MNIST kuti tiphunzitse kompyuta kuwerenga manambala olembedwa pamanja. Pulogalamu yanga imakhoza pafupifupi zonse, koma ndikaipatsa manambala amene ndalemba ndekha imalakwitsa kwambiri. Kodi nkhokweyi ndi yabodza?

Yankho: Si yabodza, koma ili ndi kwawo, ndipo mbiri yake ikuyankhani bwino kuposa ife. Zilembo zinayi zomaliza za dzinali ndi za bungwe lomwe tafotokoza pamwambapa, ndipo M wakutsogoloyo akusonyeza kuti nkhokweyo inasinthidwa. Poyamba NIST inali ndi magulu awiri a zolemba pamanja: lina lolembedwa ndi ogwira ntchito ku ofesi ya kalembera wa anthu ya dzikolo, lina lolembedwa ndi ana a sukulu za sekondale. Gulu loyamba linali lophunzitsira kompyuta, lachiwiri loiyesera. Vuto linali lakuti anthu a muofesi ankalemba mooneka bwino, pamene ana a sukulu ankalemba mmene ana a sukulu amalembera kulikonse, choncho kompyuta yophunzira pa zolemba zaudongo inkavutika ikakumana ndi zinazo. M'zaka za m'ma 1990, Yann LeCun, Corinna Cortes ndi Christopher Burges anasakaniza magulu awiriwo, n'kupanga zithunzi 60,000 zophunzitsira ndi 10,000 zoyesera, chilichonse cha timadontho 28 m'litali ndi 28 m'lifupi, nambala itaikidwa pakatikati.

Choncho vuto limene mwakumana nalo ndi lomwe lija anakumana nalo eni ake. Yambani mwaona ngati zithunzi zanu mwazikonza mofanana ndi za m'nkhokwemo, pa kukula, pa malo amene nambala yakhala, ndi pa mtundu, poti mapulogalamu ambiri amaonetsa nambala yoyera pamalo akuda pamene inu mwina mwajambula inki yakuda papepala loyera. Zimenezi zikakhala bwino, kumbukirani kuti onse amene analemba manambalawo anali a ku America, ndipo kalembedwe kamasiyana: munthu wodula 7 ndi kamzere pakati, kapena wolemba 1 wokhala ndi mlomo wautali monga amachitira ambiri ku Ulaya, akhoza kuisokoneza pulogalamu imene siinazolowere zimenezo.

Nkhaniyi si yaing'ono ikafika pa nkhope za anthu. Mu Disembala 2019 NIST inatulutsa lipoti itayesa mapulogalamu 189 ozindikira nkhope ochokera kwa opanga 99, ndipo inapeza kuti ambiri mwa iwo ankasokoneza anthu awiri osiyana n'kuwayesa munthu mmodzi kawirikawiri kwambiri pa nkhope za anthu a ku Africa ndi a kum'mawa kwa Asia kusiyana ndi za azungu, ena mpaka kuchulukitsa ka 10 kapena ka 100. Zimenezi zinadziwika chifukwa zotsatira zake zinaikidwa poyera. Malangizo athu ndi akuti mupemphe anzanu a m'kalasi, atavomera okha, alembe manambala awo, musonkhanitse nkhokwe yanuyanu, ndipo mulembe bwino amene analemba, cholembera chimene anagwiritsa ntchito ndi mmene munajambulira, kuti wodzaigwiritsa ntchito pambuyo panu adzadziwe malire ake.

Funso: Ndine mlimi wa soya ku Mchinji. Mwana wanga anandiwerengera kuti kilogalamu inasinthidwa. Kodi nchifukwa chake masikelo a ogula mbewu akumapereka makilogalamu ochepa?

Yankho: Ayi bambo, kilogalamu siinachepe kapena kukula, chimene chinasintha mu 2019 ndi njira yoitanthauzira basi, ndipo akatswiri anasamala kuti kulemera kwake kukhale komweko. Kusiyana kumene ankadandaula nako ndi kochepa kuposa kulemera kwa kambewu kamodzi ka mchenga, kotero sikungaoneke pa thumba la makilogalamu 50. Kulumikizana kwa nkhaniyi ndi inu kuli apa: miyala yoyezera ya dziko lililonse imafananizidwa ndi ya malabotale akuluakulu, ndipo kuno kwathu ntchito yoyesa masikelo a malonda ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Thumba lanu likamapepuka pa sikelo ya wogula, vuto lili pa sikeloyo kapena pa dzanja loigwira. Muziyeza mbewu zanu pa sikelo ina musanapite kumsika, mufunse wogulayo ngati sikelo yake inayesedwa ndi bungweli, ndipo mukaona kusiyana kwakukulu mukadziwitse a bungweli kapena alangizi a zaulimi a m'dera lanu.