Yankho kwa amayi amene afunsa chifukwa chake malamulo oyendetsera dziko la Zambia sakhazikika

Amayi, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani boma lililonse likangolowa limayamba nkhani yosintha malamulo oyendetsera dziko, pamene chigawo chonena za ufulu wa anthu, chimene ambiri amavomereza kuti n'chakale, palibe amene wakwanitsa kuchikonza. Ena pansi pa funso lanu ayankha kuti andale onse ndi adyera basi. Dyera lilipo ndithu, koma yankho limenelo silikwanira, chifukwa wadyera amafunikanso njira yodzera, ndipo njirayo inalembedwa m'malamulo momwemo.

Malamulo athu ali ndi makomo awiri. Khomo lalikulu ndi Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, kumene aphungu awiri mwa atatu alionse akavomereza, pafupifupi ndime iliyonse ingasinthidwe popanda inu kapena ine kuvotapo. Khomo lopapatiza ndi riferendamu, voti imene anthu onse amayankha inde kapena ayi pa funso limodzi. Ndime 79 imanena kuti Gawo 3, limene lili ndi ufulu wa anthu, silingasinthidwe pokhapokha theka la anthu onse oyenera kulembetsa ngati ovota atavomereza. Pamenepa mumvetsetse bwino: samawerenga theka la amene abwera kudzavota tsikulo, amawerenga theka la nzika zonse zimene zafika zaka 18, kaya zavota kaya zakhala kunyumba.

Malamulo amene tinalandira pa 24 Okutobala 1964 anakonzedwa ku London, ndipo anali ndi ndime zina zimene sizikanasinthidwa popanda riferendamu. Mu Juni 1969 boma la UNIP, chipani cha a Kenneth Kaunda, linapempha anthu kuti avote kuchotsa lamulo lofuna riferendamulo, ndipo anthu anavomera ndi mavoti ochuluka. M'kuona kwanga, apa ndi pamene mavuto athu ambiri anayambira, chifukwa kuchokera pamenepo chipani chokhala ndi aphungu okwanira chinali ndi mphamvu yolemba chilichonse. Chaka chomwecho pangano la Barotseland la 1964, lokhudza ufumu wa Alozi, linathetsedwa. Mu 1972 chipani cha UPP cha a Simon Kapwepwe chinaletsedwa, komishoni ya a Mainza Chona inatumidwa kukafunsa anthu mmene ulamuliro wa chipani chimodzi uyenera kuyendera (funso loti kodi anthu akuufuna silinali pakati pa ntchito zake), ndipo mu Ogasiti 1973 malamulo atsopano anakhazikitsa UNIP kukhala chipani chokhacho chololedwa. Akuluakulu m'gulu lino amakumbukira masankho a nthawi imeneyo, pamene pa pepala panali dzina la a Kenneth Kaunda okha, ndipo wovota ankangosankha pakati pa inde ndi ayi.

Za 1990 ndi 1991 ambiri mukuzidziwa: zipolowe za mtengo wa unga mu Juni 1990, msonkhano wa ku Garden House Hotel umene unabala chipani cha MMD, kuchotsedwa mu Disembala 1990 kwa ndime 4 imene inkalola chipani chimodzi chokha, komishoni ya a Patrick Mvunga yokonza malamulo atsopano, ndiponso mkumano wa a Kaunda ndi a Frederick Chiluba ku tchalitchi cha Cathedral of the Holy Cross, kumene atsogoleri a mipingo anawagwirizanitsa. Pa masankho a pa 31 Okutobala 1991 MMD inatenga mipando 125 mwa 150. Chiwerengero chimenechi chisungeni m'mutu, chifukwa chinapitirira kwambiri malire a aphungu awiri mwa atatu.

Zimene zinachitika mu 1996 n'zimene zimandiwawa kwambiri, ndipo n'zimene zikuyankha funso lanu mwachindunji. Komishoni ya a John Mwanakatwe inayenda m'zigawo zonse, inamva maganizo a anthu, ndipo inalangiza kuti malamulo atsopano avomerezedwe ndi msonkhano waukulu wa oimira anthu komanso riferendamu. Koma makomishoni onsewa amasankhidwa ndi pulezidenti potsatira lamulo la zofufuza, lipoti lawo amalipereka kwa pulezidenti yemweyo, ndipo boma limasankha lokha zimene lilandire ndi zimene likane. Boma la MMD linakana zambiri, koma linasunga ndime yoti makolo onse awiri a woimira upulezidenti akhale a ku Zambia mwa kubadwa kapena mwa mtundu. Aliyense anadziwa amene ndimeyo inkalunjika, popeza makolo a Kaunda anachokera ku Nyasaland asanakhazikike ku Lubwa, m'boma la Chinsali. Kwa ife a Kum'mawa, amene malire a atsamunda anadula mabanja athu pakati n'kusiya anthu a Kalonga Gawa Undi m'mayiko atatu, lamulo lotere silinali nkhani ya munthu mmodzi ayi. UNIP inakana kupikisana nawo pa masankho a chaka chimenecho. Kusintha komweko kunachotsa lamulo loti wopambana apeze mavoti opitirira theka, ndipo zotsatira zake tinaziona mu 2001, pamene a Levy Mwanawasa analowa ku State House ndi mavoti osakwana 30 pa 100 alionse.

Komishoni ya a Willa Mung'omba, imene inamaliza ntchito yake mu 2005, inabwereza pempho lomwelo la msonkhano wa oimira anthu. M'malo mwake tinalandira msonkhano wina umene unatenga zaka ndi ndalama zambiri, ndipo bilo yake inagwa ku Nyumba ya Malamulo mu 2011.

Sindikunena kuti zonse zodzera pa khomo lalikulu n'zoipa. Malamulo amene a Edgar Lungu anasaina ku Heroes Stadium pa 5 Januwale 2016 anabweretsa zinthu zimene anthu anazipempha kwa zaka zambiri. Wopambana upulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, apo ayi awiri oyambirira amabwereza mpikisano pasanathe masiku 37. Wachiwiri kwa pulezidenti amasankhidwa pa pepala limodzi ndi pulezidenti, ndipo amatenga mpando ngati mwini wake wamwalira, choncho sitidzabwereranso ku masankho odzidzimutsa ngati a 2008 atamwalira a Mwanawasa, kapena a Januwale 2015 atamwalira a Michael Sata. Tsiku la masankho linaikidwa kukhala Lachinayi lachiwiri la Ogasiti zaka zisanu zilizonse, ndipo makhoti awiri atsopano anakhazikitsidwa, Khoti la Apilo ndi khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, limene timalitchula kuti ConCourt. Khoti limeneli linalamula chaka chomwecho kuti nduna zimene zinapitiriza kukhala m'maofesi Nyumba ya Malamulo itatsekedwa zibweze malipiro. Komabe mphamvu za pulezidenti zinatsala zochuluka: ndiye mutu wa dziko, mutu wa boma ndi mkulu wa asilikali, amasankha nduna pakati pa aphungu, ndipo oweruza akuluakulu ndi akuluakulu a bungwe la masankho amadzera m'manja mwake Nyumba isanawavomereze. Phungu amene akuyembekezera unduna sakhala wofulumira kukana bilo yochokera ku boma.

Tsopano za khomo lopapatiza. Pa 11 Ogasiti 2016 riferendamu ya ufulu wa anthu inachitika tsiku limodzi ndi masankho, ndipo wovota ankalandira mapepala asanu. Pa pepala la riferendamu panali diso loimira inde ndi khutu loimira ayi. Pa mzere umene ndinaimapo ku Chawama, amayi achikulire ankafunsana motsitsa mawu kuti diso ndi la chipani chiti, chifukwa palibe amene anawafotokozera kuti nkhani yake inali ya chakudya, madzi abwino, chithandizo cha kuchipatala ndi maphunziro. Funsolo linaphatikizanso nkhani ziwiri m'chiganizo chimodzi chachitali, kukulitsa ufulu ndi kusintha ndime 79 yomwe. Anthu pafupifupi 1.85 miliyoni anavomera, pamene panafunika oposa 3.7 miliyoni, ndipo mapepala oposa 700,000 anawonongeka. Chipani cholamula chinkati inde, otsutsa ankati ayi, ndipo ufulu wathu unathera mu mpikisano wa zipani.

Khomo lalikulu nalonso limatsekeka nthawi zina. Mu 2001 mipingo, maloya ndi mabungwe a Oasis Forum anaimitsa ganizo loti a Chiluba aimenso kachitatu lisanafike n'komwe ku Nyumba ya Malamulo. Pa 29 Okutobala 2020 bilo yosintha malamulo yotchedwa Bill 10 inagwa chifukwa inapeza mavoti 105 pamene panafunika 111. Choncho, amayi, mukamva kuti bilo yosintha malamulo yatuluka, dziwani kuti ndime 79 imalamula kuti isindikizidwe mu Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma, masiku 30 isanawerengedwe koyamba, ndipo komiti ya aphungu imalandira maganizo a anthu wamba. Muiwerenge nokha, muone ndime zokhudza masankho otsatira ndi amene zikuwapindulitsa, kenako mufunse phungu wa dera lanu, pamaso pa anthu, kuti adzavota bwanji.