Mtsempha anautsegula, koma tulo sitikubwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa zaka 49, ndipo dzina lake ndilisunga. Akuti masabata asanu apitawo chifuwa chinawagwira ali pantchito, thukuta lozizira lili kamukamu, mkono wamanzere utachita dzanzi. Kuchipatala anawauza kuti ndi heart attack, kutanthauza kutsekeka kwa mtsempha wopereka magazi ku mtima, ndipo anawaika stent, kachubu kotsegula mtsemphawo. Sasuta fodya, si onenepa, ndipo sanagonekedwepo m'chipatala chibadwire. Funso lawo ndi ili: "Adokotala akuti zili bwino, koma usiku sindigona. Kakangondibaya pang'ono pachifuwa ndimati basi, yabweranso. Mayi a kunyumba sandilola kunyamula ngakhale mpando. Kodi ndidzakhalanso munthu ngati kale?"

Bambo, ndakumvani. Ndikuyankhani ngati mnzanu amene anaponda minga yomweyi zaka 7 zapitazo. Ine si dokotala, choncho pamene mawu anga asemphana ndi a dokotala amene anaona mtima wanu, tsatirani ake.

Tiyambe ndi chimene chinachitika m'chifuwa mwanumo, chifukwa chinthu chosadziwika chimaopsa kuposa chodziwika. Mtima ndi mnofu, ndipo monga mnofu wina uliwonse umafuna magazi akeake. Magaziwo amadzera m'mitsempha ing'onoing'ono yoyanga pamwamba pake. Kwa zaka zambiri mafuta amaunjikana m'makoma a mitsemphayi mwakachetechete, munthu osamva kalikonse. Tsiku lina kachotupa ka mafutako kamang'ambika, magazi n'kuundana pamenepo, njira n'kutsekeka. Mbali ya mtima imene imadya kudzera mumtsempha umenewo imayamba kufa. Stent imene anakuikaniyo ndi kachubu ka waya wolukana, ntchito yake ndi kuchirikiza mtsemphawo kuti ukhale chitsegukire. Pamene panavulalapo pamapanga chipsera, ndipo chipseracho chimalimba pakatha masabata 6 mpaka 8. Inu muli pa sabata lachisanu. Kutopa kumene mukumvaku n'kwa thupi lomwe lili pantchito yokonza.

Ndikudziwa kuti funso limene likukudyani kwambiri simunalilembe: bwanji ineyo, chonsecho sindisuta? Ndinadzifunsanso choncho mpaka mutu kuwawa. Fodya ndi chimodzi chabe. BP yokwera siimveka m'thupi, mafuta ochuluka m'magazi samveka, shuga amatha kukhala zaka munthu osadziwa. Palinso za kumtundu: ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi anu kapena mlongo wanu asanafike 65, chiopsezo chanu chinali chokwera kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni padziko lonse, kuposa nthenda ina iliyonse. Ndatchula chiwerengerochi kuti muone kuti simunasankhidwe ndi wina aliyense. Ndipo abale anu a bere limodzi auzeni akayezetse.

Tsopano za manthazi, pakuti ndi pamene pagona nkhani.

Ine nditatuluka m'chipatala ndinkagona chagada, dzanja lili pakhosi, kuwerenga kugunda kwa mtima mpaka kunja kuyera. Ndinkaopa kutseka chitseko cha kubafa. Palibe anandiuza kuti zimenezi zimachitikira anthu ambiri, moti ndinkadziona ngati wamantha wachabechabe. Pambuyo pake ndinamva kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse amene adwala nthendayi amagwidwa ndi matenda ovutika maganizo, ndipo amene amangokhala ndi nkhawa ndi ochuluka kuposa pamenepo. Choipa chake n'chakuti nkhawa imatsanzira nthendayo. Imathamangitsa mtima, imabanikitsa, imafinya pachifuwa. Ukamva zimenezo mantha amakula, mtima n'kuthamangiratu. Umangozungulira pomwepo.

Chimene chinandithandiza ndi kuphunzira kusiyanitsa. Kubaya kwa kamphindi, pamalo amene mungaloze ndi chala chimodzi, kumene kumasintha mukatembenuka kapena mukadinapo, kawirikawiri kumakhala kwa minofu ndi nthiti. Koma kulemera kapena kufinyika pakati pa chifuwa ngati wina wakukhalirani, kopitirira mphindi zingapo, kofalikira kumkono, kunsagwada kapena kumsana, pamodzi ndi thukuta, nseru kapena kubanika, kumeneko musakambirane nako. Ngati anakupatsani mankhwala oika kunsi kwa lilime, khalani pansi muike, ndipo ululu ukapanda kutha pa mphindi zisanu itanani ambulansi kapena wina akuthamangitsireni kuchipatala. Musayendetse galimoto nokha. Ndipo mukakayika, pitani ndithu. Ine ndinapitako kawiri usiku, anandiyeza magazi ndi kagundidwe ka mtima pa makina a ECG n'kundibweza kuti palibe kanthu. Manyazi ndinachita, inde, koma manyazi saika munthu m'manda.

Za mayi a kunyumba, musawakwiyire. Inu munali mtulo ta mankhwala, iwo anali pabenchi panja kudikira kuti auzidwe ngati ali ndi mwamuna kapena ayi. Nawonso anavulala, kungoti bala lawo palibe analisoka. Komabe pa nkhani ya kukhala phee, alakwitsa, ndipo alakwitsa pamodzi ndi madokotala akale. Kale wodwala mtima ankamugoneka pabedi masabata 6, osaloledwa ngakhale kudzidyetsa yekha, ndipo ambiri ankafa ndi magazi oundana m'miyendo ndi m'mapapo chifukwa chogona chigonere. Mu 1952 madokotala awiri a ku Boston, Samuel Levine ndi Bernard Lown, anaonetsa kuti odwala okhazikidwa pampando ankachira bwino, ndipo anzawo ena anawaona ngati openga. Patapita zaka zitatu, mu 1955, pulezidenti wa America Dwight Eisenhower anadwala nthenda yomweyi. Dokotala wake, Paul Dudley White, anali munthu wokonda njinga ndipo ankalimbikitsa odwala kuyenda. Eisenhower anabwerera kuntchito, anapambananso chisankho mu 1956, n'kulamulira mpaka 1961. Nthawi imeneyo kunalibe stent imene inu muli nayo.

Choncho funsani kuchipatala ngati ali ndi pulogalamu yothandiza odwala mtima kubwerera mwakale, imene amaitcha cardiac rehab. Kumeneko mumachita masewera olimbitsa thupi anamwino akuyang'anira, ndipo tsiku limene mudzatuluke thukuta n'kuona kuti simunafe, mantha adzayamba kuphwa. Ngati kulibe, pemphani dokotala akulembereni poyambira. Ambiri amayamba ndi kuyenda mphindi zisanu kapena khumi pamalo osakwera, n'kumawonjezera pang'ono masiku angapo alionse, mpaka kufika mphindi 150 pa sabata. Muyeso wake ndi wosavuta: muziyenda mothamanga moti mukupuma mwamphamvu koma mukutha kulankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine tsiku loyamba ndinangofika pa mtengo wachitatu kuchokera pakhomo n'kubwerera, miyendo ikunjenjemera.

Mankhwala musawaseweretse. Aspirin ndi mnzake uja, kaya ndi clopidogrel kaya ticagrelor, ndi amene akuletsa magazi kuundana pa stent, ndipo kawirikawiri amamwedwa limodzi kwa miyezi 12. Kusiya nokha chifukwa mwayamba kupeza bwino kungatseke stent tsiku limodzi. Ena mwa mapiritsiwo ali ndi makhalidwe awo: ochepetsa liwiro la mtima monga bisoprolol amafooketsa ndi kuziziritsa manja, enalapril ndi abale ake amabweretsa kachifuwa kouma kosatha, ndipo ochepetsa mafuta monga atorvastatin amapweteketsa minofu mwa anthu ena. Zonsezi dokotala angathe kusintha mukamuuza. Mutu kapena msana ukawawa pewani ibuprofen ndi diclofenac, funsani kaye. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, kuphatikizapo umene uli kale m'zakudya.

Pali nkhani ina imene amuna ambiri amaimeza pamaso pa dokotala, ya kuchipinda. Nthawi zambiri munthu amene angakwere masitepe a nsanjika ziwiri osabanika kapena kumva kupweteka pachifuwa amakhala wokonzeka. Chenjezo lake n'limodzi ndipo ndi lalikulu: mankhwala opatsa mphamvu abambo monga sildenafil sasakanizidwa ndi aja oika kunsi kwa lilime, chifukwa BP ingagwe mpaka kukomoka kapena kufa kumene.

Mwafunsa ngati mudzakhalanso ngati kale. Ine sindinabwerere ndendende. Ndimamwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndipo chaka choyamba chonse ndinkapsa mtima ndi tinthu tating'ono, mwina kugwetsa misozi popanda chifukwa. Koma ndimagwira ntchito, ndimayenda maulendo, ndipo masiku ambiri amadutsa osakumbukira kuti ndili ndi waya m'chifuwa. Tulo tinabwerera mwezi wachinayi. Inu mukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposerapo palibe chikukusangalatsani, chakudya sichikulowa, kapena maganizo oti bola kufa ayamba kubwera, kauzeni dokotala msanga. Imeneyonso ndi nthenda, ili ndi chithandizo chake, ndipo ikasiyidwa imabwezera mtima m'mbuyo.

Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala mupite ndi mayi a kunyumba, alowe nawo m'chipinda cha dokotala. Mulembe mafunso papepala usiku wake, chifukwa mukakhala pampando paja mutu umayera. Loyamba likhale la mpando uja: kodi ndinganyamule zolemera bwanji, ndipo kuyambira liti? Yankho alimve okha kuchokera pakamwa pa dokotala, popeza lanu sakulikhulupirira pakadali pano. Mukabwerako mundilemberenso, ndimve kuti mwafika pa mtengo wachingati.