ERP inachokera kuti, nanga chigayo cha mpunga ku Salima chikuifunadi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Salima yemwe ali ndi chigayo chopunthira mpunga pa Kamuzu Road. Amagula mpunga kwa alimi a ku Lifuwu, amaupuntha, amaulongedza m'timatumba ta makilogalamu 5 n'kukagulitsa m'magolosale a ku Lilongwe. Analemba kuti: "Mwana wa achemwali anga wamaliza sukulu ya zamakompyuta ndipo akundivutitsa kuti tigule ERP. Kodi chimenechi n'chiyani, chinayamba liti? Si za makampani akuluakulu ngati a shuga a ku Dwangwa zimenezi?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funsoli. Mwachidule, ERP (Enterprise Resource Planning) ndi pulogalamu ya pakompyuta yosunga kaundula wa katundu, malonda ndi ndalama za bizinesi pamalo amodzi. Ndiyambe ndi komwe chinthuchi chinabadwira, chifukwa mukapamva pamenepo mudzatha kuyankhana bwino ndi mwanayo.

Nkhaniyi inayambira m'mafakitale a ku America m'zaka za m'ma 1960. Thirakitala imodzi imakhala ndi tizipangizo tambirimbiri. Fakitale ikafuna kupanga mathirakitala 200 mwezi wamawa, iyenera kudziwa mabawuti angati, matayala angati, komanso tsiku loitanitsira chilichonse kuti chifike ntchito isanaime. Joseph Orlicky, yemwe anagwirapo ntchito ku kampani ya mathirakitala ya J.I. Case asanalowe kampani ya makompyuta ya IBM, ndi mmodzi mwa amene anaika masamu amenewa pa kompyuta. Njirayi anaitcha MRP (Material Requirements Planning), kutanthauza kuwerengeratu zipangizo zofunika, ndipo buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 1975.

Masamu amenewa inu mumawachita kale m'mutu. Golosale ikaitanitsa timatumba 400, ndiye kuti pakufunika makilogalamu 2,000 a mpunga wopuntha. Mumabwerera m'mbuyo: mpunga wosapuntha ukufunika wochuluka bwanji poti mankhusu ndi woswekasweka zimachokapo, timatumba topanda kanthu tilipo tingati, ulusi wosokera ulipo, galimoto yopita ku Lifuwu inyamuka liti. MRP ndi imeneyo basi, kungoti kompyuta siitopa ngakhale katundu atakhala wa mitundu 10,000.

M'zaka za m'ma 1980, anthu ngati Oliver Wight anati kuwerenga zipangizo kokha sikukwanira. Makina ali ndi malire a zomwe angapange pa tsiku, antchito ali ndi maola awo, ndalama nazo zimatha. Ataphatikiza zonsezi kunabadwa MRP II. Dzina loti ERP linabwera mu 1990, ndipo analipereka ndi a kampani ya kafukufuku ya Gartner, ataona kuti mapulogalamuwa atuluka m'fakitale n'kulowa ku ofesi ya maakaunti, ya malipiro ndi ya malonda.

Koma mtima wa nkhani yonseyi, kwa ine, uli ku Germany. Mu 1972 anthu asanu omwe anasiya ntchito ku IBM anayambitsa kampani ya mapulogalamu ya SAP. Nthawi imeneyo makampani ankaunjika mapepala a tsiku lonse, kompyuta n'kuwawerengera usiku. Iwowa anafuna kuti chinthu chikachitika chilembedwe pompo, kamodzi, m'kaundula mmodzi yemwe aliyense akuonamo. Wogulitsa akatulutsa thumba, buku la ku sitolo, buku la ngongole ndi buku la ndalama zonse zisinthe nthawi yomweyo. Pulogalamu yawo ya R/3 itatuluka mu 1992 sinkafunanso kompyuta yodzaza chipinda, ndipo makampani anaithamangira. Mantha oti makompyuta akale asokonekera chaka cha 2000 chikamalowa anawonjezera liwiro.

Ena anapsa nazo. Kampani ya chokoleti ya Hershey inayatsa dongosolo lake latsopano mu 1999 nyengo ya malonda ambiri itayandikira, ndipo inalephera kutumiza katundu wa pafupifupi madola 100 miliyoni pomwe katunduyo anali m'nyumba zosungira. Kuno kwathu tili ndi phunziro lathulathu. IFMIS, pulogalamu yomwe boma limayendetsera ndalama zake, ndi ya banja lomweli, ndipo pa Cashgate ya 2013 anthu ankalowetsa malipiro abodza, cheke chikatuluka n'kufufuta zomwe analembazo. Pulogalamu inalipo, koma makiyi ake anali m'manja olakwika.

Chomwe chasintha kwambiri kuyambira nthawi ya R/3 ija ndi mtengo. Kampani ya NetSuite inayamba mu 1998 kupereka ntchitoyi kudzera pa intaneti, munthu n'kumalipira ngati lendi, ndipo kampani ina ya Oracle inaigula mu 2016. Pulogalamu ya Odoo inayambira ku Belgium mu 2005 ndi dzina loti TinyERP, ndipo ili ndi mtundu wina waulere. ERPNext ya ku India nayonso ndi yaulere. Choncho mwana wa achemwali anuyo sakunama: lero chigayo cha pa Kamuzu Road chingathe kugwiritsa ntchito zomwe kale zinali za makampani amphamvu okha.

Komabe ine sindingakuuzeni kuti gulani mawa. Zolipira pamwezi nthawi zambiri zimakhala m'madola, ndipo mukukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zaulerezo nazo zimafuna munthu woziika ndi kuzisamala. Mwanayo akapeza ntchito ku Blantyre, mudzaimbira ndani? Magetsi akathima kapena bando ikatha, mudzalemba pati?

Yambani ndi mafunso awa. Mnyamata wa pa sikelo amalemba thumba lililonse likamalowa, kapena amadikira madzulo kuti akumbukire? Ndalama za pa Mpamba ndi Airtel Money zimalowa m'buku limodzi ndi zapamanja? Madeya ndi mpunga woswekasweka zomwe mumagulitsa pakhomo, alipo amazilemba? Ngati kope lanu silikugwirizana ndi matumba omwe ali m'sitolo, kompyuta idzangokopera bodza lomwelo mwaukhondo.

Muuzeni mwanayo aike ERPNext kapena Odoo yaulere pa laputopu imodzi, alowetsemo zinthu zitatu zokha: mpunga wogula, mpunga wopuntha ndi ngongole za magolosale. Musayambe m'nyengo yokolola pomwe alimi ali pamzere, yambani malonda akazizira. Kope musalitaye, kwa miyezi itatu muzilemba konsekonse, Loweruka lililonse muziwerenga matumba ndi manja n'kuyerekeza. Mukatero mundilemberenso, mundiuze kuti kusiyana kunali matumba angati.